Mmene Nyama za M'nyanja ya Mchere Zimagayira Thabwa

Thabwa lomira m'madzi a mchere nthawi zambiri silifika powola lokha, chifukwa limayamba ladyedwa ndi nyama zoboola mitengo, ndipo yodziwika kwambiri mwa izo ndi imene akatswiri amaitcha Teredo navalis. Poyiona imakhala ngati nyongolotsi yaitali yotuwa, koma ndi ya m'gulu la nkhono za zigoba ziwiri, kungoti zigoba zake n'zazing'ono, zili kumutu kokha, ndipo zili ndi timano tambirimbiri topalira mtengo. Imalowa m'thabwa ikadali kamphutsi, n'kumaboola motsata mitsempha ya mtengo uku ikukula, ndipo khoma la ngalande yake imalimata ndi laimu wochokera m'thupi mwake. Pakabowo kolowera imangotulutsa timapaipi tiwiri, kena kokokera madzi kena kowatulutsira, moti nsanamira ya padoko imaoneka yabwinobwino kunja pamene m'kati mwake mwatsala mphako zokhazokha.

Chovuta kumvetsa si kuboolako, koma kugaya. Mtengo ndi chakudya chokanika pa zifukwa ziwiri: shuga wake anamangidwa m'maunyolo aatali otchedwa selulozi, omwe anakutidwanso ndi liginini, chinthu cholimbitsa thunthu chimene nyama zambiri sizitha kuchiphwanya, komanso mtengo uli ndi nayitulojeni wochepa kwambiri, pamene nyama iliyonse imafuna nayitulojeni kuti ipange mapuloteni. Chiswe chimathana ndi vutoli posunga tizilombo tothandiza kugaya m'matumbo mwake, choncho zikadakhala zomveka Teredo itachita chimodzimodzi. Komatu thumba la m'mimba mwake limene limasunga utuchi lili ndi mabakiteriya ochepa zedi. Mu 1983, John Waterbury ndi anzake anakwanitsa kuweta mabakiteriya ochokera m'makha a nyamayi, ziwalo zimene imapumira, ndipo anapeza kuti mabakiteriyawo, omwe pambuyo pake anatchedwa Teredinibacter turnerae, amagwira ntchito ziwiri zonse: amapanga maenzayimu, omwe ndi mapuloteni odula selulozi kukhala shuga, ndiponso amatenga nayitulojeni wosungunuka m'madzi n'kumusandutsa chakudya. Maenzayimuwo amapangidwira m'makha koma amakagwira ntchito m'mimba, kutali ndi owapanga, ndipo dongosolo lotere n'losowa kwambiri pakati pa nyama.

Kanyama kena, Limnoria, kachibale ka nkhanu kotalika mamilimita ochepa chabe, kamadya thabwa kuyambira kunja, makamaka pamene madzi amakwera ndi kutsika, mpaka nsanamira imaonda pakati n'kuthyoka. Iko m'matumbo mwake mulibe mabakiteriya okhazikika, ndipo maenzayimu ake kamapanga kokha. Kafukufuku wa 2018 anasonyeza kuti kamafewetsa liginini ndi hemosayanini, puloteni imene kwa nyama zamtunduwu imadziwika ndi ntchito yonyamula okisijeni m'magazi.

Zimene nyamazi zawononga n'zosaiwalika m'mbiri ya maulendo apanyanja. Mu 1503, Christopher Columbus anakakamizika kukocheza ku Jamaica zombo zake zitabooka, ndipo anakhala kumeneko chaka chathunthu. Cha m'ma 1731, anthu a ku Netherlands anapeza kuti mitengo yochirikiza zipupa zotchinga nyanja yadyedwa, n'kuyamba kumanga ndi miyala mowononga ndalama zambiri. Asilikali apamadzi a ku Britain anayesa kukuta pansi pa chombo cha HMS Alarm ndi mkuwa mu 1761, ndipo njirayi inafala. Malire enieni a Teredo ndi mchere: nyanja zikuluzikulu zili ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita, koma madzi a m'nyanja ya Baltic ali ndi wochepa kwambiri, n'chifukwa chake chombo cha Vasa, chimene chinamira ku Stockholm mu 1628, chinavuulidwa mu 1961 matabwa ake ambiri akadali olimba. Pa chifukwa chomwecho, bwato la pa Nyanja ya Malawi silikumana ndi mdani ameneyu, pamene mwini ngalawa wa ku Beira kapena ku Quelimane amayenera kumayang'ana matabwa apansi kawirikawiri.

Komabe kuziona nyamazi ngati zowononga basi n'kuziweruza ndi maso a mwini doko yekha. Mitsinje imakokolola mitengo yambiri kupita kunyanja chaka ndi chaka, ndipo m'nkhalango za mangrove za m'mphepete mwa nyanja mumagwa nthambi ndi mizu mosalekeza. M'madzi a mchere, momwe nkhungu zowoletsa mitengo zimagwira ntchito mochedwa, ndi nyama zoboolazi zimene zimasandutsa mtengo kukhala mnofu ndi zitosi zodyedwa ndi zamoyo zina, ndipo ngalande zimene zimasiya zimasanduka mobisalamo tinsomba ndi tinkhanu. Ngakhale pansi penipeni pa nyanja, pomwe chakudya n'chosowa, pali nkhono zina zotchedwa Xylophaga zimene zimapeza chipika chomira n'kuchimaliza pa zaka zochepa.