TMV2 ndi TMV3: zizindikiro zoteteza anthu kupsa m'bafa

Ku Britain, malangizo a zaumoyo amati madzi a m'giza azisungidwa pa madigiri 60 pofuna kupha tizilombo ta Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa. Koma madzi otentha chotero amawotcha khungu m'masekondi ochepa chabe, makamaka la khanda ndi la nkhalamba.

N'chifukwa chake pafupi ndi mpopi amaikapo valavu yotchedwa thermostatic mixing valve, mwachidule TMV. Imasakaniza madzi otentha ndi ozizira, ndipo ozizirawo akaleka mwadzidzidzi, iyo imadzitseka yokha kuti wosambayo asapse.

Pongoiona ndi maso, palibe angadziwe ngati valavu idzatsekadi. Apa ndi pamene pagona ntchito ya ziphaso, zomwe mabungwe monga NSF ndi Kiwa amapereka ataiyesa. TMV2 ndi ya m'nyumba wamba, ndipo imayesedwa potsatira miyezo ya BS EN 1111 ndi BS EN 1287. TMV3 ndi yokhwima kwambiri: imatsata muyezo wa D08 wa bungwe la NHS, ndipo ndi ya m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, komwenso Amalawi ena akugwira ntchito. Kumeneko madzi a shawa sayenera kupitirira madigiri 41.

Ku England, kuyambira mu 2010, madzi a m'bafa la nyumba yatsopano saloledwa kupyola madigiri 48.

Chiphaso, komabe, chimangotsimikizira valavu pamene ikuchoka kufakitale. Laimu ndi zinyalala za m'mapaipi zimaifooketsa pang'onopang'ono, choncho pulambala ayenera kumaiyesa nthawi ndi nthawi, potseka madzi ozizira n'kuona ngati otenthawo asiyadi kutuluka.