KAPANGIDWE KA MANYUCHI A MALALANJE: MALANGIZO KWA ALANGIZI

Mawu Oyamba

M'nyengo yozizira malalanje, manachesi ndi mandimu amapsa nthawi imodzi m'madera ambiri a chigawo chino cha Africa, monga ku Mwanza ndi Neno m'Malawi ndiponso m'chigwa cha Mazowe ku Zimbabwe. Zipatso zikachuluka pamsika mtengo wake umatsika, ndipo zambiri zimangowolera m'minda. Njira imodzi yopewera kuwonongekaku ndiyo kupanga manyuchi a malalanje, omwe amasungunulidwa ndi madzi kuti akhale chakumwa, kapena kuthiridwa m'phala ndi pa zikondamoyo, chigumu ndi makeke. Cholinga cha kapepala aka ndi kuthandiza inu alangizi kuphunzitsa mabanja ndi magulu a alimi kupanga manyuchi osasasa msanga.

Chimene Chimasunga Manyuchi

Madzi a malalanje amasasa m'masiku ochepa chifukwa cha yisiti ndi chuku. Tizilomboti timafuna madzi kuti tiswane, koma shuga akachuluka amagwira madziwo. Manyuchi amasungika bwino pamene shuga wafika magawo 65 pa magawo 100 alionse a kulemera kwake. Madzi a mandimu nawo ali ndi ntchito ziwiri: kuwawasa kwake kumalepheretsa tizilombo tambiri kukula, komanso kumathandiza kuti shuga asaundane pansi pa botolo. Choncho mlimi amene achepetsa shuga pofuna kupulumutsa ndalama adzataya zonse, zipatso, shuga ndi nkhuni zomwe. Iyi ndiyo mfundo yoyenera kuitsindika pa chionetsero chilichonse.

Zofunika

1. Lita 1 ya madzi a malalanje, kuchokera ku malalanje olemera pafupifupi makilogalamu 2 ndi theka.
2. Makilogalamu 2 a shuga woyera.
3. Theka la kapu ya madzi a mandimu, ndiye kuti mamililita 125.
4. Makungu a malalanje 3.
5. Poto wa chitsulo chosachita dzimbiri, mthiko watsopano, sefa kapena nsalu yoyera, ndi mabotolo agalasi okhala ndi zotsekera zabwino.

Muyeso uwu umatulutsa manyuchi opitirira pang'ono malita 2. Malalanje a mtundu wa Valencia ndiwo abwino pa ntchitoyi. Madzi a malalanje a Navel amayamba kuwawa akakhala maola angapo atafinyidwa, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuwawako. Poto wa mkuwa kapena wa chitsulo wamba sayenera kugwiritsidwa ntchito chifukwa amawononga Vitamini C ndi kusintha kakomedwe. Ngati pakhomo pali poto wa aluminiyamu yekha, manyuchi asakhalitsemo akachoka pamoto.

Kapangidwe Kake

1. Sambani m'manja ndi sopo. Sankhani zipatso zakupsa, zosabooka ndi zosawola, ndipo muzitsuke bwino ndi madzi aukhondo.
2. Tsukani mabotolo ndi zotsekera, kenaka muziwiritse m'madzi kwa mphindi 10. Zikhale m'madzi otenthawo kufikira nthawi yothira.
3. Palani mbali yakunja yokha ya makungu a malalanje 3. M'menemo ndimo muli mafuta onunkhira. Choyera cha m'kati mwa khungu chimawawa, choncho musachipale.
4. Dulani malalanje pakati, finyani ndi kusefa. Samalani kuti nthanga zisaphwanyike chifukwa nazonso zimawawa.
5. Thirani madzi a malalanje, madzi a mandimu, shuga ndi makungu opalawo mu poto. Ikani pamoto wochepa ndipo takasani mosalekeza mpaka shuga yense atasungunuka.
6. Pitirizani kutenthetsa mpaka tithovu tayamba kuoneka m'mbali mwa poto, ndipo papite mphindi 3. Amene ali ndi choyezera kutentha aone kuti chafika madigiri 85. Musalole kuti abwate nthawi yaitali, pakuti fungo labwino limathawa ndipo mtundu umada.
7. Yengulani thovu la pamwamba, sefani ndi nsalu yowiritsa, ndipo thirani m'mabotolo zonse zikadali zotentha. Siyani mpata wa sentimita 1 kapena 2 kukamwa kwa botolo.
8. Tsekani mwamsanga ndi kugoneka botolo cham'mbali kwa mphindi zingapo kuti kutentha kufike pa chotsekera. Likazizira lembanipo tsiku lopangira.

Kasungidwe

Mabotolo asungidwe pamalo ozizira ndi amdima, kutali ndi moto. Osatsekula angathe kukhala miyezi ingapo, koma botolo likatsekulidwa ligwiritsidwe ntchito msanga, ndipo lizitsekedwa nthawi zonse. Manyuchi amene achita chuku, akutulutsa thovu, akununkha ngati mowa kapena atupitsa chotsekera atayidwe. Botolo limene munali palafini kapena mankhwala a mbewu lisagwiritsidwe ntchito ngakhale litatsukidwa motani.

Kagwiritsidwe Ntchito ndi Chenjezo

Popanga chakumwa sakanizani gawo 1 la manyuchi ndi magawo 6 kapena 7 a madzi. Madziwo akhale owiritsa kapena othira mankhwala a kolorini. Shuga amateteza manyuchi ali m'botolo, koma sapha tizilombo ta m'madzi osungunulira. Mliri wa kolera umene unagwa m'Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023 ndi chikumbutso chokwanira, makamaka kwa amene amagulitsa zakumwa kwa ana a sukulu. Chakumwa chosungunula chimwedwe tsiku lomwelo.

Kumbutsaninso alimi kuti manyuchi salowa m'malo mwa chipatso chenicheni. Odwala matenda a shuga awapewe, makanda asapatsidwe, ndipo mwana wotsekula m'mimba apatsidwe ORS, pakuti zakumwa zotsekemera kwambiri zimawonjezera vutolo.

Kwa Inu Alangizi

Konzani chionetsero zipatso zisanayambe kupsa, ndipo lolani alimi kuyeza ndi kuthira okha. Gulu lofuna kugulitsa liyambe lawerengera mtengo wa shuga, mabotolo ndi nkhuni, popeza shuga ndiye amadya ndalama zambiri. Lifunsenso ku bungwe loona za miyezo m'dziko lawo, monga Malawi Bureau of Standards kapena Zambia Bureau of Standards, lisanatengere katundu kumsika.