KODI NCHITO YA MAGULU OTHANDIZA IYESEDWA BWANJI?

Madzulo ano tikamba za magulu aja amene agwira nchito pakati pathu osafuna phindu la ndalama. Mwini sitolo adziwa kuti zinthu zayenda akawerenga makobiri ace. Nanga gulu losagulitsa kanthu tiliyesa ndi ciani?

Inu a pa mgodi mudziwa kuti mwala suyamikidwa cifukwa ca kucuruka kwa ngolo zace. Ayamba autengera kwa woyesa, iye naupera, nanena kuti citsulo cirimo cotere. Nchito ya cifundo ifunanso woyesa wace, ndipo citsanzo cathu ticitenga ku Katondo, komboni ya mu Kabwe.

Mgodi wa Broken Hill, umene unapatsa mzindawo dzina lace lakale, unaturutsa mtovu ndi zinki kufikira 1994, pamene unatsekedwa. Koma pfumbi la mtovu linatsala m'dothi la Kasanda, Makululu, Chowa, Katondo ndi makomboni ena. Mwana wokwawa aika dzanja pansi, nalibwezera kukamwa. Mtovu ulowa m'magazi, nuononga ubongo, ndipo nzeru zimene zatayika motero sizibwerera. Madokotala ayesa mtovuwo ndi muyeso wochedwa maikrogramu pa desilita ya magazi. Ukafika 5, afunsa kumene mwana aupeza. Ukafika 45, aganiza za mankhwala oucotsa m'thupi. Mu 2015 aphunzitsi a University of Zambia ndi a Hokkaido ku Japan analengeza kuti mwa ana 246 amene anawayesa ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, onse anapitirira 5.

Othandiza anadza. Gulu la Pure Earth la ku America, pamodzi ndi Environment Africa, linayamba mu 2015 kufotsera mabwalo a nyumba zina ku Chowa ndi dothi labwino. Mu 2016 World Bank inavomera kukongoza Boma madola 65.6 miliyoni a nchito yokonza malo oonongeka ndi migodi, ndipo cipatala caching'ono ca ku Katondo cinali cimodzi mwa zimene zinayesa ana ndi kuwapatsa mankhwala.

Tsono apa ndipo pagona nkhani. Nkwapafupi kulemba kuti tacita misonkhano yakuti, tafotsera mabwalo akuti, tagawa mankhwala kwa ana akuti. Zonsezo ndi ngolo cabe. Mwala weniweni ndi magazi a mwana. Mwana angamwe mankhwala, muyeso wace nutsika. Koma akabwerera kukasewera pa bwalo lomwe lija, mtovu ukweranso. Wowerenga ana olandira mankhwala adzati nchito yatheka, pamene woyesa magazi patapita caka adzati iai.

Kuyesa magaziko nakonso kufuna nzeru. Poyamba payenera kukhala muyeso wotengedwa nchito isanayambe, pakuti wosadziwa kumene anacokera sanganene mtunda umene wayenda. Ndiponso mtovu ucuruka mwa ana a zaka ngati ziwiri, nuyamba kucepa pamene akula ndi kuleka kudya dothi. Gulu likayesa mwana ali ndi zaka 2, nilimuyesanso ali ndi zaka 6, lingadzitame ndi cimene cinacitika cokha. Nyengo nayo inyenga: pfumbi la m'cirimwe silifanana ndi la m'dzinja. Cifukwa cace woyesa woona alinganiza ana a msinkhu umodzi, pa nyengo imodzi, ena a m'mabwalo okonzedwa ndi ena a m'mabwalo osakonzedwa. Kusiyana kwa awiriwo ndiko kumene gulu lingati nkwanga.

Cina cimene ambiri aciiwala ndi nthawi. Kale kunali nchito ina ya World Bank, yochedwa Copperbelt Environment Project, kuyambira 2003 kufikira 2011, imene inafikanso ku Kabwe. Gulu la Human Rights Watch litafufuza, linalemba mu 2019 kuti nchitoyo itatha, kuyesa ana ndi kuwapatsa mankhwala kunaleka. Ine ndiona kuti nchito yotere iyenera kuyesedwa alendo atapita ndi magalimoto ao, si pa tsiku la madyerero.

Ciripo cobvuta koposa, ndico kuwerenga coipa cimene sicinacitike. Mwana amene sanapwetekedwe ubongo saoneka. Angopita ku sukulu, nakhoza masamu monga anzace, ndipo palibe amene athokoza. Mai amene waphunzira kukolopa ndi nsaru yonyowa m'malo mwa kusesa, ndi kusambitsa ana m'manja asanadye, salowa m'buku la ndalama.

Cotero, amai ndi abambo a ku Katondo, akadza alendo ndi mapepala ao, alandireni mwaulemu, koma muwafunse: magazi a ana athu anali pati musanayambe, ali pati lero, ndipo adzawayesanso ndani inu mutapita?