Makina ofinyira zipatso: alimbe, ndipo juwisi wake asatidwalitse

Kuno kuchigwa zipatso sizisowa. Novembala mpaka Januwale mango amachita kuwolera pansi pa mitengo. Dzinja likatha kumabwera malambe, masau ndi bwemba. Mavwende ndi mapapaya ndiye osanena. Masiku ano makina ofinyira zipatso, amene ambiri timangoti bulenda, afika m'nyumba zathu ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Koma ena sakutha ndi chaka chomwe, afa. Tiyeni tikumbutsane kasamalidwe kake.

Choyamba, makinawa si chigayo ayi. Mipeni yake ndi ya zinthu zofewa. Mango tisende, tichotse njere, tidule zidutswa zing'onozing'ono, tithire madzi pang'ono poyamba kenako zipatso. Njere za malambe, za masau ndi za bwemba n'zolimba ngati mwala. Zimabunthitsa mipeni ndi kung'alula jagi. Malambe ndi bwemba safuna makina n'komwe. Tiviike m'madzi ofunda kwa maola awiri, tifikise ndi manja osamba bwino, tisefe pa sefa kapena pansalu yoyera, basi. Malambe tisawawiritse pamoto, chifukwa vitamini C amene ali wambiri m'menemo amawonongeka ndi kutentha.

Chachiwiri, magetsi. Tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Magetsi akazima, zulani pulagi msanga, chifukwa pobwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopsereza makina. Amene muli ndi sola, werengani mawati olembedwa kunsi kwa makina, muyerekeze ndi inveta yanu. Inveta yotchajira mafoni singakoke makina a mawati 400. Komanso musawalize nthawi yaitali. Mphindi imodzi, apume, kenako muyambirenso. Mukamva kafungo ka waya wopsa, zimitsani pompo.

Chachitatu, chachikulu kuposa zonse, ndi madzi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Juwisi saphikidwa, ndiye kachirombo kakalowa kamafika m'mimba mwa mwana kali moyo. Madzi otsukira zipatso, osungunulira juwisi, ngakhale opangira ayezi, akhale owiritsa kapena othira kolorini, ndipo tikathira tidikire mphindi 30. Madzi a mu Shire kapena a m'dambo kuwoneka oyera si ndiye kuti ali bwino. Paja mijigo ina kuno imatulutsa madzi amchere. Amenewo amawononga kukoma, tipeze ena. Mango otola pansi, ophulika kapena oboola mphutsi, asalowe mu jagi.

Chachinayi ndi kutentha kwathu kuno. Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40. Juwisi wofinya m'mawa, popanda filiji, pofika madzulo amakhala atayamba kusasa. Shuga wa m'chipatso akamawira amasanduka mowa, ndipo tikudziwa kuti masau omwewa ndi amene ena amatchezera kachasu. Choncho juwisi akachita thovu, botolo likafufuma, kapena akamanunkha mkaka wosasa ndi mowa, tayani. Kwa ife Asilamu chimenecho sichakumwanso. Wa futari m'mwezi wa Ramadhan tizifinya dzuwa litapendeka, wongokwana tsiku limenelo. Madzi a ndimu pang'ono amathandiza kuti asade msanga, koma salowa m'malo mwa filiji.

Shuga tichepetse. Mzimbe wa Illovo tili nawo pakhomo pompano, koma mango akupsa ndi otsekemera kale. Odwala matenda a shuga ndi bwino adye chipatso chathunthu ndi zotsalira zake zomwe, kusiyana ndi kumwa makapu awiri a juwisi.

Tikamaliza, titsuke nthawi yomweyo zisanaumirire. Masulani mipeni ndi kamphira kake, pakuti nkhungu imabisala pamenepo. Kamswachi kosungira ntchito imeneyi yokha kamafika m'makona. Gawo la injini lisalowe m'madzi, kungopukuta ndi kansalu. Makoko ndi zotsalira tipatse mbuzi, kapena tikathire pa manyowa a kudimba.

Amayi amene mukufuna kugulitsa, musatole mabotolo m'misewu. Ndipo kuti juwisi wa m'mabotolo alowe m'mashopu, pamafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Mwana wa mnzathu wogula pamsika timuyese wathu yemwe. Chimene sitingamwetse ana athu, tisachiike pamsika.