Kupita M'mawa, Kukagona Kwanu

Mzinda wa Antigua, m'dziko la Guatemala kumene amayankhula Chisipanishi, uli m'chigwa cha pamwamba pa mapiri, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Atsamunda a ku Spain anaumanga mu 1543, ndipo unali likulu lawo kwa zaka zoposa 200, mpaka chivomerezi cha mu 1773 chitagumula matchalitchi ndi nyumba za boma, akuluakulu n'kusamutsira likulu kumene lero kuli Guatemala City. Mmalawi akamva mbiri yotereyi amakumbuka Zomba, mzinda wa atsamunda wa m'tsinde mwa phiri, umene unatula ulikulu mu 1975 boma litasamukira kuno ku Lilongwe. Zipupa zakale za Antigua zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1979, komabe alendo ambiri sakhutira n'kuzungulira m'misewu yake yoyala miyala. Amagona mumzindamo, kukacha n'kutuluka kukaona madera ouzungulira, madzulo n'kubwerera. Maulendo a tsiku limodzi amenewa ndiwo ndikufuna kuwayerekeza ndi kayendedwe kathu ife a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona.

Ku Antigua ulendo ndi malonda okhazikika. Munthu amagula tikiti dzulo lake pa kaofesi ka m'mbali mwa msewu, m'bandakucha kabasi n'kudzamutenga pakhomo pomwe wagona. Wina akupita ku Pacaya, phiri lotulutsa moto, kumene salola kukwera wekha: pamayenera kukhala mtsogoleri wa m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo, ndipo ana amagulitsa ndodo zokwerera, ena n'kumatsatira pambuyo ndi akavalo kudikira amene miyendo imukanike. Wina akupita ku nyanja ya Atitlán, ulendo wa maola awiri kapena atatu, kukakwera boti pa Panajachel. Likakhala Lachinayi kapena Lamulungu, ambiri amalunjika ku msika wa Chichicastenango, kumene anthu a mtundu wa K'iche' amagulitsa nsalu zoluka pamanja, maluwa ndi zosema. Eni dziko amene sangakwanitse kabasi ka alendo amakwera camioneta, mabasi akale a sukulu ochokera ku United States amene amawapaka utoto wowala, mmene amathithikana monga timachitira ife mu minibasi.

Ifenso timayenda. Imani pa depoti yaikulu ya mu Area 2 nthawi ya 5 koloko m'mawa muone. Mayi wa ku Biwi wamanga ndalama pa mfundo ya chitenje, akupita ku Lizulu kukapikula kachewere ndi kabichi, ndipo dzuwa likamapendeka akhala atafika pa benchi yake. Bambo wa ku Area 23 akuthamangira ku Mitundu kukaona ngati aganyu apalira. Lole yadzaza amayi a Mvano, akuperekeza maliro ku Kasiya. Pali chinkhoswe ku Mponela, pali matenda ku Nathenje. Onsewa ndi maulendo opita ndi kubwera tsiku lomwelo, ndipo tinawazolowera kuposa mlendo aliyense wa ku Antigua. Chosiyana n'chakuti ulendo wathu umafuna chifukwa. Mukatseka chitseko m'mawa mutanyamula kachikwama, mnansi amafunsa kuti, "Kwagwanji?" Mukayankha kuti mukungopita kukaona phiri, amakuyang'anani kawiri. Mwamuna woyenda popanda chifukwa amamuganizira kuti ali ndi wina kuseri, mkazi amamunena kuti ndi woyendayenda. Sindikuwaweruza anthu oganiza chonchi, pakuti m'nyumba imene ufa ukuthera pa 20, ndalama ya thiransipoti siingatuluke osafunsidwa.

Ulendo umodzi wokha ndi umene komboni yonse inauvomereza kuti ndi wachisangalalo chabe: wa ku nyanja. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, kapena pa Khirisimasi ndi Nyuwere, msewu wa M14 umene umapatuka mutangopitirira Kanengo umadzaza mabasi opita ku Senga Bay. Kukonzekera kumayamba miyezi ingapo m'mbuyo. Amayi a banki m'khonde, a kwaya kapena a chipereganyu amasankha msungichuma, aliyense n'kumaponya kangachepe sabata ndi sabata, dzina lake n'kumachongedwa m'kope. Amasoketsa yunifomu ya nsalu imodzi. Usiku wa tsikulo sagona: mpunga ukuphikidwa m'mapoto a ukwati, nkhuku zikukazingidwa, thobwa akuthira m'zigubu. Basi isananyamuke wina amapemphera, ndipo ikamatsika zitunda za ku Mvera kulowera ku Salima nyimbo zimakhala zitakolera. Kunyanjako agogo amene sanaonepo madzi opanda tsidya amakwinya nsalu mpaka m'mawondo n'kuima m'mphepete, adzukulu atawagwira manja. Pobwerera aliyense wanyamula usipa, utaka kapena mpunga wa kilombero, woti akagawireko amene anasunga nyumba.

Kayendedwe kameneka ndimakalemekeza, ndipo pa mfundo imodzi timawaposa a ku Antigua. Kwawoko wokwera kabasi ka alendo amakhala pakati pa anthu osawadziwa, wolipira yekha, ndipo amene alibe ndalama amatsala. Kwathu gulu limanyamula wosauka. Mayi wamasiye wogulitsa mandasi pa Mgona, amene payekha sakanafika ku Salima, amafika chifukwa anzake anamudikira kuti amalize kusonkha, mwinanso anamuonjezera mwakachetechete. Chimene chimandipweteka n'chakuti luso lonseli timalithera njira imodzi. Chaka chino ku nyanja, chaka chamawa ku nyanja, ngati kuti Lilongwe ali ndi khomo limodzi.

Tengani Chongoni. Ndi makilomita osakwana 100 kuchokera pa Biwi potsata M1 kulowera ku Dedza, ndipo minibasi za ku Dedza zimadutsa pamphuno pathu tsiku lililonse. M'mapiri amenewa muli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, kaundula yemwe uja muli Antigua. Zojambula zofiira ndi za Akafula, alenje amene makolo athu anawapeza kuno. Zoyera ndi za Achewa, zina zojambulidwa ndi amayi pa chinamwali, zina za nyau, zoonetsa zilombo monga kasiyamaliro. Pa Chentcherere, pafupi ndi sukulu ya zankhalango, mumalowa pansi pa thanthwe lotsetsereka n'kuona zithunzizo pafupi kwambiri, ndipo pambali pake mumaonanso maina amene anthu osadziwa analemba ndi makala. Makala amenewo amandiuza kuti amene anafikapo sanapeze womufotokozera kuti chimene akudetsacho ndi buku la agogo ake aakazi. Mwana wa ku Chinsapo amaloweza dzina la Chongoni kuti akhoze mayeso a Sitandade 8, pomwe mzungu wochokera ku Germany ndiye amakaima pa thanthwelo.

Nkhoma ndi pafupi kuposa pamenepo. Mumatsika pa Kamphata n'kukwera minibasi ina. Mishoni ya kumeneko inayamba mu 1896, ndipo m'busa William Murray, amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika lomwe linatuluka mu 1922, anagwira ntchito m'dera limeneli pamodzi ndi aphunzitsi achimalawi. Ambiri a ife timapadziwa pa Nkhoma chifukwa cha chipatala cha maso: timapita titagwira dzanja la wodwala, n'kubwerako osakweza mutu kuona phiri. Amene ali ndi miyendo angathe kulikwera m'mawa n'kutsika dzuwa lisanalowe. Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anafika mu 1902, n'kotalikirapo, potsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, koma gulu lonyamuka m'mamawa lingafike. Kumeneko bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare imasunga zigoba za gule wamkulu mazanamazana pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Malo amene ndimafunitsitsa kuti munthu aliyense wa m'komboni akawaone ndi Dzalanyama. Amene amakhala ku Chinsapo amadziwa njinga zija zimatulukira mu msewu wa Likuni kusanache, iliyonse itasenza matumba a makala atatu kapena anayi osanjikiza, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Makala ambiri amene timaphikira amachokera m'nkhalango imeneyo. Madzi amene timatunga pa kiyosiki amachokeranso komweko, pakuti mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri a Dzalanyama, n'kudzasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Mitengo itatha kwambiri, boma linatumizako asilikali mu 2015. Asilikali angathamangitse wootcha makala, koma mbaula ili kwathu. Ndikhulupirira kuti gulu la amayi limene lingaime tsiku limodzi pa damu, kenako n'kupita kukaona zitsa zili mbwee pamene panali misuku ndi mitondo, lingabwerere ndi maganizo amene chikwangwani cha m'mbali mwa msewu sichingawapatse. Pafupi ndi mapiri omwewo pali Msinja, kachisi wa Makewana, kumene makolo ankapempha mvula. Ndi angati a ife amene tinapondapo?

Zolepheretsa zilipo, ndipo si ulesi. Choyamba ndi ndalama: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa minibasi unakwera, ndipo mafuta akasowa umakweranso tsiku lomwelo. Kenako pali mtunda wotsiriza. Minibasi imakusiyani pa tala, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku phanga kapena ku nkhalango muyenera kunenerera ndi wakabaza amene mwina malowo sakuwadziwa. Dzuwa nalo kuno sililekerera. Ikangokwana 6 koloko kwada, ndipo munthu amene watsika pa depoti usiku kuti akalowe m'tinjira ta ku Mgona kapena Area 23 amayenda mtima uli m'mwamba. A ku Antigua mavuto awa anawathetsa ndi zinthu zazing'ono: nthawi yonyamukira yodziwika, mtengo wolembedwa, ndi mtsogoleri wa m'mudzi womwewo amene amadya za ulendowo, motero amasamala malowo. Kuno kwathu zoterezi zilipo kale ku Mulanje, kumene anyamata otsogolera ndi onyamula katundu ali ndi dongosolo lawo. Palibe chimene chingaletse kuti achinyamata a m'midzi ya kwa Kachere kapena kwa Masula aphunzitsidwe chimodzimodzi.

Komabe sindikufuna kuti titengere zonse. Ku Guatemala ulendo unakonzedwera mlendo wa ndalama zakunja, ndipo Amaya, amene ndi eni nthaka, kawirikawiri amasanduka chinthu choti chijambulidwe. Mayi woluka nsalu kwa masabata amanenereredwa mtengo ndi munthu amene chakudya chake chamasana chaposa mtengo wa nsaluyo. Anthu a ku Chichicastenango anaikapo malire: pa masitepe a tchalitchi cha Santo Tomás amafukiza lubani mwa mwambo wa makolo awo, ndipo m'kati mwake salola kujambula. Malire otere ife tikuwadziwa bwino. Gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo kudambwe sikupita aliyense. Basi yodzaza anthu a m'tauni ikafika m'mudzi, oyamba kuonedwa akhale amfumu, ndipo zimene iwo akana zikhale zokanidwa, ngakhale titalipira.

N'chifukwa chake sindikudikira kampani ya zokopa alendo kuti idzatsegule ofesi ku Kawale. Kope la msungichuma lilipo kale, mapoto alipo, dalaivala wa kosita wodziwika alipo. Gulu limene limapita ku Senga Bay mu Okutobala lingathe kusonkha kawiri pa chaka, ulendo wina n'kuuika m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, pamene mvula yatha, misewu yafumbi yauma, ndipo kukwera phiri sikuotcha. Wa ku Dedza ngwofupikirapo kuposa wa ku nyanja, ndipo sufuna ndalama yolowera pa gombe la hotela. Aphunzitsi a m'sukulu za pulaimale za ku Biwi ndi Area 25 angachite chimodzimodzi ndi ana a Sitandade 7, asanafike pa chaka cha mayeso. Pafunika kutumiza munthu mmodzi kutatsala sabata imodzi kuti akaonane ndi amfumu ndi woyang'anira malowo, kugwirizana mtengo ndi dalaivala mafuta asanakwere, ndi kuuza aliyense kuti anyamule juzi, chifukwa ku Dedza mu Juni kumazizira kufikira masana.