Ku Joni, nkhawa ya bambo ndi ya mayi sizifanana

Ku Makanjira, ku Namwera kapena m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malombe, nyumba yamalata ikamangidwa anthu sachita kufunsa: mwini wake ali ku Joni. Ulendowu si wa lero. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela mpaka 1974, pomwe ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ndipo Kamuzu analetsa ulendowo. Kenako bungwe la Teba linatengako anthu mpaka 1988. Masiku ano munthu amadziyendera yekha, kudzera ku Tete ndi Beitbridge, nthawi zambiri mapepala ali osakwanira, ndipo amayi nawo alowa m'njirayi. Ma randi amafika kumudzi, koma za tulo tosowa kumeneko palibe amalemba.

Azaumoyo amadziwa kuti mantha akakhalitsa, thupi limangotulutsa mahomoni monga cortisol ngati kuti ngozi ili pakhomo tsiku lililonse. Munthu amasowa tulo, mutu umawawa, mtima umathamanga, mapeto ake amagwa m'matenda amene kwathu timangoti kuganiza kwambiri. Chimodzi mwa zimene zimateteza mlendo ndi kukhala ndi anthu omumvera, ndipo apa ndi pomwe bambo ndi mayi amasiyanira. Mnyamata wa kwa Mponda akatsika basi ku Durban kapena ku Johannesburg amafikira kwa anzake a kumudzi, amadzazana m'chipinda chimodzi, Lachisanu amakumana ku mzikiti, wina akamwalira amasonkherana kuti maliro abwere kwawo. Mayi wogwira ntchito zapakhomo kawirikawiri amagona kuseri kwa nyumba ya abwana, sabata imatha osalankhula Chiyao kapena Chichewa ndi munthu pamaso, ana anawasiya kwa amayi ake, ndipo akachitidwa nkhanza kupolisi amaopako poti akamufunsa mapepala n'kumutumiza ku Lindela, kumene amasungirako anthu oti abwezedwe kwawo.

Wina anganene kuti zonsezi ndi umphawi basi, ndalama ikapezeka nkhawa imatha. Umphawi ulipodi, ndipo kuchepa kwa chambo m'nyanja ndi kumene kwathamangitsa asodzi ambiri. Koma m'mwezi wa May 2008, ziwawa zoyambira ku Alexandra zitapha anthu 62, ndi mu April 2015, pomwe boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa ziwawa ku Durban, amene ankagona m'matenti sanali osowa ntchito okha. Malipiro salepheretsa munthu kudzidzimuka usiku pamene anansi ake akumutchula mkwerekwere.

Winanso angati ndiye kuti abambo ali bwino, poti ali ndi gulu. Ayi ndithu. Chaka ndi chaka malipoti a apolisi kuno kwathu amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna. Gulu la m'chipinda chija limathandiza kupeza ganyu, koma silikhala malo oti mwamuna anene kuti zamukanika; amaseka nawo, foni yochokera kumudzi ikalira amayankha kuti zonse zili bwino. Ndiye taganizani za mkamwini amene wabwezedwa chimanjamanja, n'kukafikira pamudzi pa akuchikazi, pomwe aliyense ankadikira malata. Mayi amasowa womuuza, pamene bambo womuuza ali naye koma pakamwa pamatsekedwa ndi manyazi, choncho mankhwala a awiriwa sangakhale amodzi.

Chipatala cha amisala cha ku Zomba chili kutali ndi Makanjira, ndipo dzina lake lokha limathawitsa anthu. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kuchipatala chaching'ono n'kumamvetsera ovutika maganizo, ndipo kafukufuku wa 2016 anaonetsa kuti zimathandiza. Kwa amayi obwerera, benchi yotere ingagwire ntchito. Abambo sangabwere okha. Owathandiza ayenera kukawapeza kudoko ndi pakhonde la mzikiti Jumu'a ikatha.