G. K. Chesterton ndi Wansembe Wogwira Mbala

Tsiku lina ku Yorkshire, m'dziko la Mangalande, anyamata awiri a pa yunivesite ya Cambridge anaceza ndi Bambo John O'Connor. Wansembeyo atatuluka, iwo ananena kuti ngwanzeru ndithu, koma sadziwa zoipa za pansi pano popeza akhala mobisika. Gilbert Keith Chesterton, amene anali pomwepo, anafuna kufa nalo phwete, pakuti wansembe yemweyo anali atamfotokozera kale za macimo oopsa amene iye, mtolankhani wa mu London, anali asanawamvepo. Maganizo olemba za Father Brown anabadwa pamenepo.

Chesterton anabadwira ku Kensington mu 1874. Anaphunzira zojambula pa sukulu ya Slade, ndipo m'zaka zimenezo mtima wake unagwa mu mdima wa kukayika. Mdimawo uoneka m'buku lake la 1908, The Man Who Was Thursday. M'menemo wapolisi Gabriel Syme alowa mwacinsinsi m'bungwe la anthu asanu ndi awiri ofuna kugwetsa maboma, amene achedwa maina a masiku a sabata. Iye akhala Lacinai. Pang'ono ndi pang'ono azindikira kuti anzake amene anali kuwaopa nawonso ndi apolisi obisala, ndipo patsala Lamulungu yekha, amene palibe amumvetsa.

Nthano yoyamba ya Father Brown inatuluka mu 1910, ndipo zonse zipitirira 50. Wansembe wamfupiyu, woyenda ndi ambulera yakutha, sadalira mfuti kapena mapazi a pa dothi. Mlandu aupeza cifukwa wamva anthu ambiri akulapa, ndipo adziwa kuti coipa ciliconse cikhoza kumera mumtima mwa iye mwini. Safuna kuti wocimwa anyongedwe, koma kuti atembenuke. Flambeau, mbala yochuka, anasiya kuba nakhala bwenzi lake.

Codabwitsa ncakuti polemba nthano zoyambazi Chesterton sanali Mkatolika. Anacedwa zaka zambiri, ndipo cina comugwira mwendo cinali mkazi wake Frances, wa mpingo wa Anglican, amene sanafune kumsiya yekha. Mu 1922, ku Beaconsfield, Bambo O'Connor yemwe uja anamlandira mu Eklezia. Frances anatsatira mu 1926.

Chesterton anamwalira mu 1936 alibe mwana, koma Father Brown akali kuwerengedwa m'zilankhulo zambiri.